Fomu ya mutu wa kafukufuku

Lolemba, 3 Malichi 2025
Shifiti yam'mawa kunyumba ya okalamba ku Oadby kuno ku Ulaya, masana kuyunivesite. A Dave, ondiyang'anira pa kafukufuku wa masters, awerenga chaputala changa. Ndinalemba kuti Malawi ndi Mozambique ndi adzukulu: anthu oyandikana nawo amene amakukumbira manda, amakunyoza pamaliro ako omwe, koma sungaike maliro popanda iwo. Akuti nkhani yokoma, koma si theory. Ndiyambire pa mabuku a ku Ulaya, Malawi ikhale chitsanzo chabe. Ine: "Chabwino, zikomo kwambiri." Mumtima ndikupsa.

Lachinayi, 6 Malichi
Mehreen, mnzanga wa ku Lahore wa PhD, wanditengera kugulu lawo. Kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Belgrave. Ophunzira a ku Pakistan, India, Bangladesh, Sri Lanka. Mayiko awo sawonana ndi diso labwino, iwo kapu ya tiyi akupatsirana. Amawerenga akatswiri akwawo amene akufotokoza ubale wa mayiko kuchokera pa mbiri yawo: malire odula mabanja pakati, mitsinje yolimbirana. Mehreen akuti, "Tinatopa kukhala chitsanzo m'buku la wina."
Ndawafotokozera za adzukulu. Mafunso ola lathunthu, ena ondigwetsa pansi. Ndasangalala koopsa.

Lachiwiri, 11 Malichi
Imelo yochokera kuofesi. A Dave atumiza kale fomu, mutu ndi wawo uja. Akuti ndinavomera. Ndinavomera liti? Kwathu "chabwino" kwa mphunzitsi ndiye kuti ndamva, ndikaganize. Kuno ndi siginecha. Ulemu wandigulitsa.
Kusintha mutu kutsekedwa pa 21.

Loweruka, 15 Malichi
Mapazi otupa. Masamba asanu ndi limodzi atsopano, akatswiri a ku Delhi ndi Dhaka ali momwemo pambali pa adzukulu anga. Mehreen wandiphunzitsa kukana, iye akuyerekeza kukhala a Dave. Kanayi konse ndimayamba ndi "pepani". Kaseka mpaka misozi, kamwano.

Lachitatu, 19 Malichi
Ndawauza a Dave maso ndi maso kuti mutu wawo sindiufuna. Sanakwiye ayi. Akuti za ku South Asia ndi za kwathu sazidziwa, choncho sangandiyang'anire. Ndipeze wina pofika Lachisanu, apo ayi ndidikire chaka chamawa. Chaka china cha mashifiti.
Anandipatsa mpata woti ndibwerere ku mutu wawo. Ndakana.
Fomu yatsopano ndalemba ndekha, mutu wanga. Bokosi la woyang'anira lopanda dzina. Mantha ndili nawo, bodza ayi. Aphunzitsi atsala atatu mu dipatimenti, mawa ndiyamba kugogoda, kuyambira chitseko cha kumapeto.