Nambala ya Amuna Anga M'pulogalamu ya Firiji

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku loyamba kuntchito chimwalirireni amuna anga. Pampando wawo pakhala kale wina. Anzanga maso pansi, moni wonong'ona.

Foni yawo ili m'chikwama mwanga. 7 koloko yalira: "Firiji ya katemera ili bwino." Ndi pulogalamu ija tinalembera limodzi kachipatala ka kuseri kwa msika. Nambala yolandirira uthenga anaika yawo, m'kati mwenimweni mwa pulogalamu, osati m'fayilo yapadera yoti munthu n'kusintha mosavuta. Ndinawanena kangati! Iwo n'kumaseka: "Ndikupita kuti ine?"

Lachitatu, 5 Malichi

Abwana akuti nambalayo ndiitulutse, ikhale m'fayilo yapadera, anamwino azisintha okha. Ndavomera pakamwa pokha. Uthenga ukafika ndikumawatumizira anamwino ndekha. Sindikufuna foniyi isiye kulira. Palibenso wina amene amawafuna m'mawa uliwonse.

Lamlungu, 9 Malichi

Alamu anabwera kudzatenga za achimwene awo. Nsapato, jekete, foni. "Mlamu, foni ziwiri muzitani nazo?" Ndinangopereka. Za firiji sindinaziganize n'komwe.

Lachiwiri, 11 Malichi

Dzulo masana magetsi anathima kuchipatala, firiji n'kutentha. Pulogalamu inachenjeza kasanu konse, ku foni yozimitsa m'thumba mwa alamu. Katemera yense watayidwa. Azimayi abwezedwa, ana kumsana, ena ochokera kutali.

Anamwino aakulu sanandikalipire, bola akanatero. Angoti, "Pepani mayi, tikudziwa." Wolakwa ndine. Ntchito ya ola limodzi ndinaikhalira sabata yonse. Manyazi, ndipo mtima ukuwawa.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndachita. Fayilo yaing'ono, mizere itatu: nambala, nthawi, mlingo wa kutentha. Ndawaonetsa anamwino, alembamo nambala yawo ndi chala chimodzi, uthenga wafika pompo. Wina akachoka, wotsala azingosintha mzere umodzi.

Nambala ya amuna anga inali malo anayi m'pulogalamumo. Atatu ndafufuta osapuma, mano ali gwa. Pachinayi, pamwamba pa nambala, ndapeza kamzere kodzikumbutsa kamene anadzilembera zaka zisanu zapitazo: "Zongoyembekezera izi. Ndikonza mawa, mayi a kunyumba asanaone."

Ndaona, bambo. Ndakonza ndine.

Nambala ndafufuta. Kamzereko dzanja lakana.