A Tcheyamani ndi Mpira wa Manja wa ku Lozells

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kunja kuno ku Bilston tilipo, chisanu chokha ndicho sichitimvera chisoni. Achimwene a Yohane anaimba foni kuchokera ku Dedza kuti kachewere wachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kudimba mbuzi za eni ake zinachidya chisanakhwime. Mlamu wanga anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mdzukulu wanu Tadala watalika kundiposa. Ndikamufunsa kuti wadya, amangoti "I'm fine, Mum," ngati ndafunsa za matenda.

Koma nkhani yomwe yandigwiritsa cholembera ndi ya kalabu yathu ya mpira wa manja. Mukukumbuka mmene munkaimira kunja kwa bwalo la sukulu, chitenje m'chiuno, kundikalipira ndikataya mpira? Sindinasiye. Loweruka lililonse timakumana ku Lozells, ambiri ndife osamalira okalamba, Amalawi ndi a ku Zambia. Wina amachita kuchokera kushifiti yunifomu ili m'chikwama. Tili ndi kabwalo ndi kanyumba kosinthira zovala, ndipo msonkho wa kanyumbako unkafuna kutitsekera kalabu.

Ndiye panabwera a Chikopa, bambo wa madigiri awiri amene amavala tayi ngakhale pobwera kubwalo. Mpira sanaugwirepo, koma anadzisankha okha kukhala tcheyamani. Anatiuza kuti boma la kuno limachepetsera msonkho makalabu a masewero a anthu wamba akarejisita, ndiponso limawonjezerapo kangachepe pa mphatso zomwe anthu olipira msonkho apereka. Pamenepo ananena zoona, ndisawanamizire. Ine anandiika ulembi, ati chifukwa ndine wofatsa. Ankatanthauza kuti sindiyankha.

Malamulo a kalabu amene analemba, amayi, mukanaseka mpaka kutsokomola. Ndalama yolowera anaikweza dala. Atandipatsa pepala anati, "Mukudziwa, achemwali, tikufuna kalabu ya anthu ooneka. Awa angobwera ndi maviza a ntchito zosambitsa nkhalambawa azitichititsa manyazi." Ankanena zimenezi kwa ine, amene m'mawa womwewo ndinali nditasambitsa nkhalamba zinayi! Pamndandanda wa mamembala anadzazapo anzawo a m'maofesi omwe amangobwera tsiku lootcha nyama. Pansi penipeni analemba kuti kalabu ikadzatha, katundu adzagawane oyambitsa. Oyambitsawo ndi iwo ndi akazi awo.

Ndinawerenga malamulo a boma pafoni, m'basi, popita ndi pobwera kuntchito, sabata yathunthu. Chizungu chake ndi cholimba ngati chikanda cha dzana, koma ndinachitafuna. Mawu anu aja ankandilira m'khutu, akuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pamsonkhano wa ku Sparkhill ndinaimirira. Ndinati, "A Tcheyamani, boma likuti kalabu ikhale yotsegukira aliyense, ndipo mtengo usathamangitse osauka. Likuti theka la mamembala, kapena kuposa, azisewera ndithu, osati kudya nyama. Kalabu ikatha, katundu amapita ku kalabu ina yotere kapena ku bungwe lachifundo, osati kugalaja kwa munthu." Anandiyang'ana ngati nkhuku yalankhula. Anati, "Mayi, inu munaphunzira kuti za misonkho?" Anatumiza fomu yawo momwemo.

Yankho la ku ofesi ya msonkho linabwera mwaulemu, koma linanena zomwe ndinanena zija, mfundo ndi mfundo. A Chikopa anayamba kuuza anthu kutchalitchi kuti atikana chifukwa cha khungu lathu. Bodza la masanasana! Munkanena inu kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo amene anaing'amba ndi Mwansa, mtsikana wa ku Kitwe amene amatiponyera zigoli. Loweruka lina kubwalo anaimirira pakati pa anthu n'kufunsa m'Chinyanja chake chija, "Imwe ba Chair, timu imankhala na bantu bangati mu ground?" Bambo aja anangokonza tayi. Sankadziwa, amayi. Chaka chathunthu akutilamula, osadziwa kuti timalowa asanu ndi awiri.

Tinavota tsiku lomwelo, n'kuwachotsa pampando. Pochoka ananyamula mipira ndi mabibu onse ovala posiyanitsa matimu, ati anagula ndi ndalama zawo. Munthu wamkulu, wa galimoto yonyezimira, kukokera thumba la mipira pamsewu ngati wakuba mbatata! Loweruka lotsatira tinasewera ndi mpira wobwereka, titang'amba chitenje changa chakale n'kumanga m'mikono kuti tizidziwana matimu. Sitinasekepo chotero chiyambire.

Malamulo tinawalembanso patebulo la kukhitchini kwanga, ine ndi Mwansa. Tinaika mtengo woti wogwira mashifiti angakwanitse, ndi mzere wonena kuti wosowa asabwezedwe pakhomo. Tinadikira miyezi, mtima uli m'mwamba, chifukwa akanatikananso kanyumba kaja tikanakabweza. Mwezi wathawu kalata inafika: atilandira. Msonkho watsika kwambiri, ndipo tsopano kukubwera atsikana a Chisomali, amayi awiri a ku Jamaica ndi mzungu wina wa msinkhu wanu amene amathamanga kutiposa tonse.

Ndipo tamverani izi. A Chikopa alemba pagulu la pafoni kuti akuthokoza Mulungu poti masomphenya awo akwaniritsidwa. Masomphenya! Akazi awonso anatulukira Loweruka lapitali ndi nsapato zatsopano, kufunsa ngati pali malo. Mtima unkati ndiwabweze, koma lamulo lomwe ndinalimenyera nkhondo likuti aliyense. Ndinawalembetsa, n'kuwaika kuti atchinge Mwansa. Anatuluka m'bwalo akupumira m'mwamba ngati bulu wokoka ngolo, koma ati abweranso. Mwina iwo ndi olimba mtima kuposa amuna awo.

Ndikudziwa kuti simunkakonda mwana wonyoza akulu. Ndiye ndikulonjeza kuti chipongwe chonsechi chathera m'kalata muno, pakati pa inu ndi ine. Lamulungu ndikakumana nawo pakhomo la tchalitchi ndidzapinda bondo, ndidzawafunsa za kunyumba, ndipo ndidzawatchula dzina lawo lenileni, osati a Tcheyamani: a Chikopa, basi.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike