Mayi ake a Zuhura aphunzira kusambira

Lachinayi, 14 Ogasiti, Wigston, ku Mangalande

Lero landikomera, ngakhale miyendo ikuwawa. Pa buleki ku wodi, Zuhura, namwino mnzanga wa ku Zanzibar, anandikokera pakona foni ili m'manja.

Mayi ake amalima ndere za m'nyanja yamchere, kwawo amati mwani. Zaka zino madzi a m'mphepete akumatentha ngati a m'bafa kwa milungu ingapo, ndere n'kuyera n'kuola, nsomba n'kuthawira kutali. Anzawo ambiri anasiya ulimiwu. Kuti ndere zipulumuke, ayenera kudzala kwakuya kumene madzi ndi ozizira, koma kumeneko phazi siligunda pansi.

"Taonani, achemwali," anatero Zuhura, akundionetsa vidiyo pa foniyo.

Pa vidiyopo panali mayi ake, mpango kumutu, diresi lalitali, atakumbatira chigubu chachikasu, akumenya madzi ndi miyendo ngati kamwana. Kenako anachisiya chigubucho n'kusambira okha mpaka pa bwato. Zuhura ankaseka misozi ikutsika.

"Moyo wawo wonse sanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno. Akuti madzi ozizira akathawa, iwo awatsata."

Ndinamufunsa ngati ndere zikukula kwakuyako. Akuti zikukula bwino, koma mayi ake akufunsa kuti nakonso kukadzatentha adzapita kuti. Pomwepo belu la wodwala linalira.

Nditafika kunyumba ndamuuza mwana wanga Tadala kuti Loweruka ndilowa naye m'dziwe losambirira, m'malo mongokhala pa benchi n'kumamusungira thawulo. Wayankha m'Chingerezi kuti akhulupirira akandiona nditanyowa. Tsono chovala chosambira ndilibe, ndipo choyenera mayi wa msinkhu wanga uno kaya ndikachipeza kuti...