Makina anga satuluka m'nyumba muno

Lolemba, 8 Disembala

Foni iyi akuti imalemba wekha ukamalankhula. Chabwino, lemba iwe, ine sukulu ndinangoiwonera pa zenera.

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, waitanitsa makina achiwiri opeta, aja amagetsi odinadina. Malo mulibe m'chipinda chosokera, ndiye akuti anga opalasa ndi mapaziwa achoke Loweruka. Mwana wanga, wobala ndekha, akuti, "Amayi, chitsulo chimenecho chinatopa." Ndati watopa ndiwe. Chitsulo chimenecho ndi chimene chinakuveka kabudula bambo ako atamwalira.

Lachiwiri, 9 Disembala

Ntchito yawo mwezi uno ndi maenvulopu a feliti, nsalu yokhuthala ija ngati ya chipewa, yoti ukaidula siisosoka. Anthu amaikamo timphatso ta tchuthi. Makina amapeta okha nyenyezi, mpongozi ali khale, akumwa tiyi.

Ndatola zidutswa pansi, zofiira ziwiri, chobiriwira chimodzi. Mpongozi wandiona. "Amayi, mukufuna envulopu? Nenani ndikudinireni." Kundidinira! Ndati mayi, ndili ndi manja.

Envulopuyi ndikusokera mng'ono wanga, uja maso anafa chaka chatha. Nyenyezi zawozo n'zosalala ngati mbale. Wosaona apapasa chiyani pamenepo?

Lachitatu, 10 Disembala

Singano yathyoka. Bondo likupweteka. Osalemba za bondozo.

Lachinayi, 11 Disembala

Ndaphimba mano a makina ndi kakatoni kuti asakoke nsalu, feliti ndaikunga pa mkombero, ndikuyendetsa ndi manja, mapazi akupalasa. Feliti safuna kukokedwa, ukalimbitsa kwambiri amatambasuka ndipo sabwereranso. Umamunyengerera ngati mwamuna wanjala.

Ndikupeta mbalame. Pansi pa phiko ndaika kachidutswa kena, ulusi ndadutsitsa kanayi, kuti litukuke chala chizilimva. Ndipo umayamba wapeta usanapinde! Mpongozi dzulo anapeta imodzi itapindidwa kale, yasokeka pakamwa, envulopu yosatseguka. Sindinaseke. Ndinapita kukhitchini, ndiye n'kukasekera kumeneko.

Lachisanu, 12 Disembala

Ndawamva pakhonde. Mpongozi: "Za makina awo aja mukawauze ndinu, ndi mayi anu." Mwana wanga: "Aiwala, akalamba." Ndakalamba inde, makutu ndiwo ayi.

Ndatseka maso n'kupapasa mbalame ija. Mutu ulipo, phiko lilipo, mlomo sukumveka. Ndaphwasula, ndabwereza. Mpongozi anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anaitembenuza kuona kunsi kwake.

Loweruka, 13 Disembala

Abwera amuna awiri onyamula katundu, wina wadazi, wina wamtali. Andipeza ndikusoka m'mbali mwa envulopu, singano ili m'nsalu.

Wadaziyo akuti, "Agogo, tikupempha mutipatse mpata."

Ndati mpata ulipo, nditsateni. Ndawalowetsa kuchipinda kwanga. Ndati nyamulani bedi ili, makina anga aja alowe pamenepa.

Mwana wanga wathamanga. "Amayi, mugona pati?"

Ndati pansi. Ndinakubalira pansi, sindinafe.

"Anthu atiseka!"

Ndati aseke, mano ndi awo.

Wamtaliyo wayang'ana mwana wanga, mwana wanga wayang'ana mkazi wake, mkazi wake wayang'ana kudenga. Ndakoka matilesi ndekha mpaka wadaziyo wachita manyazi, wagwira mbali inayo.

Pano bedi laimikidwa m'khonde, palibe amene akudziwa kopita nalo. Makina ali pansi pa zenera langa, mwendo umodzi ndauikira kathabwa. Envulopu yatsala batani lokha.

Dikira, akugogoda.

Ndi mpongozi. Wabwera ndi mpando wanga wosokera, ndi feliti yofiira yathunthu, osati zidutswa. Akuti, "Phiko lija munalitukula bwanji?"

Zima iwe foni. Ndili ndi mlendo.