Hatchi Yokalamba Ili ndi Bulangete

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine kuno kunja, ku Wakefield, ndili bwino, chimfine chokha.

Loweruka lililonse ndimathandiza mayi wina kuyendetsa hatchi yake yokalamba m'kabwalo kamchenga. Miyendo yake inauma, ndiye timaizungulitsa pang'onopang'ono, kenako ndimaionetsa karoti cha kunthiti kuti ipinde khosi yokha. Dzulo inakana kukhota, ine n'kuikoka chingwe ngati ng'ombe yapangolo. Mayiyo anandikalipira kuti, "Nkhalamba saikoka choncho!"

Pompo ndinakumbuka mmene munawakokera bambo pamkono, kuwatulutsa m'nyumba yawoyawo n'kukawagoneka kukhitchini. Hatchiyi ili ndi bulangete, achimwene. Bambo anamwalira akufunda chiguduli.

Chonde musadzandiimbirenso foni. Mulungu akupatseni moyo wautali, ndi ana onga inu.

Ndine mlongo wanu,
Esinati