Akufuna Ine, Osati Achimwene

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Ife kuno ku South Bend tili moyo, koma mtima wanga suli m'malo.

Lachiwiri ine ndi achimwene a Madalitso tinapita ku Indianapolis kukakumana ndi anthu amene amaika ndalama m'mabizinesi atsopano. Tinawafotokozera za kampani yathu ija yotumiza osamalira okalamba m'makomo. Atatipanikiza ndi mafunso, achimwene anapsa mtima n'kuyamba kuwadula mawu.

Tikutuluka, mayi amene amatsogolera anthu aja anandiitanira pambali. Anati, "Ganizo lanuli ena ali nalo kale. Ife timayang'ana munthu. Inu ndinu nesi, ntchitoyi mumaidziwa, ndipo mumamvetsera. Tikuthandizani, koma popanda achimwene anuwo. Mutiyankhe Lachisanu."

Amayi, ganizoli ndi la achimwene, mpaka anasiya ntchito yawo chifukwa cha ganizo lomweli. M'galimoto anandifunsa kuti, "Amakuuza chiyani?" Ndinati atiimbira foni. Ndinawanamiza.

Mawa ndiwauza zoona ndisanawayankhe anthu aja. Akakuimbirani atakwiya, chonde musandiikire kumbuyo, mungowamvetsera. Mutipempherere tonse awiri. Ambuye akusungeni.

Ine mwana wanu,
Chisomo