Khomo Lalifupi la ku Sicily

Lolemba, 12 Meyi. Palermo.
Tafika. Miyendo yotupa. Gulu lathu ndi la amuna okondana okhaokha, ena achikulire kuposa ife. Ine ndi Wendell tayenda titagwirana manja, palibe wocheuka. Mphete ili mu sokosi, pansi pa chikwama. Ndimufunsira ukwati Lachisanu pa kachisi wakale wa ku Agrigento. Akudziwa ndi mnzathu Curtis yekha, amene anandiperekeza kokagula. Ndiyenso akutisungira nyumba ndi galu kwathu ku Baltimore. Anthu ngati iye ndi osowa.

Lachiwiri, 13 Meyi.
Matchalitchi okhaokha. Golide mpaka kudenga, khosi kuwawa. Wendell, munthu woti ku Ulaya aka n'koyamba, wandilondolera ku chimbudzi chobisika kuseri kwa msika osafunsa aliyense. Akuti, "Mphuno yangayi imamva patali." Ndaseka.

Lachitatu, 14 Meyi.
Manda akale a pansi pa nthaka. Khomo lake lalifupi, mdima bii. Ena tonse tagunditsa mitu, ine chotupa ngati dzira. Wendell anawerama asanalifike n'komwe. Sindinaseke.

Lachinayi, 15 Meyi.
Atisinthira wotionetsa malo. Wabwera Salvo, pakamwa posatseka. Kungomuona Wendell, kumukumbatira. "Mwabweranso, bwana wanga! Nanga a Curtis, bondo lija linapola? Chaka chatha tinachita kuwanyamula pa masitepe." Atandiyang'ana ine, anayamba msangamsanga kufotokoza za miyala.

Meyi wa chaka chatha. Wendell anati ali ku Ohio, akudwazika mayi ake. Curtis anati wagwa pa njinga. Amene ankamuphikira supu ndine. Bondo lomwelo ndinkalimanga ndi manja angawa. Chitsiru cha munthu ine.

Wendell akuti, "Zinatha kalekale, Russ. Ndimangofuna kuti malo ano akhale athu." Athu bwanji? Wandibweretsa kudzadya mkute wa Curtis. Ndikumuda. Ndikumukondabe, ndipo n'zimene zikundinyansa kwambiri.

Lachisanu, 16 Meyi. Agrigento.
Ndapita. Ndikanatsalira chiyani? Kachisi ndi wokongoladi, mizati yofiirira ngati buledi. Mphete m'thumba, sindikudziwa ndinaitengeranji. Anzathu ena awiri okalamba akupukutana thukuta, ine kuyang'ana kumbali.

Wendell wandikoka mkono. "Taima apa iwe, chithunzi chimatuluka bwino pamenepa." Kenako wazindikira zomwe wanena. Ndinaima ndithu. Ndinamwetulira, iye n'kujambula.

M'basi ndakhala ndekha kumbuyo.

Loweruka, 17 Meyi.
Uthenga wa Curtis m'mawa uno: chithunzi cha galu ali pabedi pathu, ndi funso. "Nanga, wavomera?"

Ndakhala pano ndi sokosi m'manja, tiyi wazizira. Ndakumbuka tsiku lija m'sitolo. Wogulitsa atafunsa kukula kwa chala cha Wendell, ine ndinangokanda mutu.

Anayankha ndi Curtis.